Kodi Khoti Lili ndi Mpingo Wake?



M'kope lino ndikufuna tilingalire pamodzi funso ili: munthu wa mpingo wina akakhala pa mpando woweruza mlandu wa mwana wanu, kodi muli ndi chifukwa choopera? Nanga chiweruzo chikatuluka chokupwetekani, kodi n'koyenera kunena kuti chatuluka chotero chifukwa woweruzayo sapemphera nanu? Kuli dziko limene funsoli lakhala likufunsidwa kwa zaka zoposa 100, ndipo anthu ena anataya nalo miyoyo. Dzikolo ndi Northern Ireland, kumene Akatolika ndi Apulotesitanti akhala akuganizirana kuti makhoti amakondera mbali inayo. Popeza ifenso ndife Apulotesitanti, nkhaniyi ikutikhudza, ndipo si zonse zimene zidzatikomera m'khutu.

Dziko limodzi, magulu awiri

Chilumba cha Ireland chinagawidwa pawiri mu 1921. Mbali yaikulu ya kum'mwera inayamba kudzilamulira, koma maboma 6 a kumpoto anatsala pansi pa ufumu wa Britain. Amenewa ndiwo Northern Ireland. Anthu ake ndi pafupifupi 1.9 miliyoni, ochepa poyerekeza ndi a chigawo chathu cha Kum'mawa. Mpingo waukulu pakati pa Apulotesitanti a kumeneko ndi wa Presbyterian, abale athu m'chiphunzitso.

Kumeneko dzina la mpingo limanenanso mbali ya ndale. Apulotesitanti ambiri amafuna kukhalabe pansi pa Britain, pamene Akatolika ambiri amafuna kuti Ireland akhale dziko limodzi. Munthu akangotchula dzina lake, sukulu imene anaphunzira ndi mseu umene amakhala, anzake amadziwa kale kuti ndi wa mbali iti, ngakhale atakhala kuti sanaponde m'tchalitchi kwa zaka zambiri. Chipani chimodzi cha Apulotesitanti chinalamulira kuyambira 1921 mpaka 1972 osasinthana ndi china. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabuka chipolowe chimene chinatha ndi pangano la mtendere la pa 10 April 1998, anthu oposa 3,500 ataphedwa.

Kumene chikaiko chinachokera

Mkatolika wamba akalowa m'khoti m'zaka zimenezo ankaona chiani? Wapolisi amene anam'gwira anali pafupifupi nthawi zonse Mpulotesitanti. Ngakhale mu 1999, mwa apolisi 100 alionse, Akatolika anali 8 okha. Oweruza akuluakulu ambiri anali Apulotesitanti, ndipo ena anali atagwirapo ntchito m'boma la chipani cholamula. Milandu yaikulu inkagamulidwa ndi jury, ndiye kuti gulu la anthu wamba 12 amene amamva umboni ndi kunena ngati munthu ndi wolakwa. Koma kale, kuti munthu alowe m'gulu limeneli ankafunika kukhala ndi nyumba kapena malo olipirira msonkho, ndipo popeza Akatolika ambiri anali osauka, ankachepa m'magulu amenewa.

Pa 9 August 1971 boma linayamba kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Tsiku loyamba anagwira anthu 342, ndipo panalibe mmodzi yemwe wochokera m'magulu ankhondo a Apulotesitanti, ngakhale kuti nawonso ankapha anthu. Pofika mu December 1975 pamene mchitidwewu unatha, anthu 1,981 anali atatsekeredwa: 1,874 a mbali ya Akatolika ndi 107 a mbali ya Apulotesitanti.

Kenako mu 1973, potsatira malangizo a woweruza wa ku England, Lord Diplock, boma linachotsa jury pa milandu yokhudza zauchigawenga. Woweruza mmodzi yekha ndiye ankamva mlandu ndi kugamula. Kwa ife zimenezi si zachilendo, popeza makhoti a kuno kwathu alibe jury, koma kwa anthu a kumeneko kunali kulandidwa ufulu wakale. Boma linapereka zifukwa ziwiri. Choyamba, zigawenga zinkaopseza anthu a mu jury. Chachiwiri, panali mantha oti anthu a mu jury akhoza kumasula wolakwa chifukwa ndi wa mbali yawo. Onani bwino chifukwa chachiwirichi. Boma lenileni linali kuvomereza zimene makolo athu ananena kale, kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lamulo linalamula woweruzayo kulemba zifukwa za chigamulo chake, ndipo wopezeka wolakwa anali ndi ufulu wochita apilo. Komabe milandu yambiri inkadalira mau amene munthu anavomera ali m'manja mwa apolisi, ndipo ambiri ankati anawavomera chifukwa chomenyedwa.

Pamene okaika anapezeka kuti ankanena zoona

Pa 30 January 1972, asilikali a Britain anawombera anthu amene anali pa chionetsero mumzinda wa Derry. Anthu 13 anafa tsiku lomwelo, ndipo wina anamwalira patapita miyezi. Onse anali Akatolika. Boma linatuma woweruza wamkulu wa ku England, Lord Widgery, kuti afufuze. Patangopita milungu 11 iye anatulutsa lipoti limene kwakukulukulu linayeretsa asilikaliwo. Mabanja a ophedwa anakana lipotilo, ndipo kwa zaka zambiri ankaonedwa ngati anthu osafuna kumva zoona. Mu 2010 kafukufuku wina, wotsogozedwa ndi Lord Saville, anapeza kuti anthu ophedwawo sanali kuopseza moyo wa asilikali, ndipo panalibe chifukwa chowawombera. Nduna yaikulu ya Britain, a David Cameron, anapepesa m'nyumba ya malamulo. Panali patapita zaka 38. Zoonadi mlandu suwola, koma amai ambiri amene anaika ana awo m'manda mu 1972 anamwalira asanamve chipepesocho.

Ku England nako kunachitika zofanana. Mu November 1974 mabomba anapha anthu 21 m'nyumba ziwiri zomwera mowa mumzinda wa Birmingham. Amuna 6, Akatolika ochokera ku Northern Ireland, anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Anatuluka mu March 1991, atakhalamo zaka 16, khoti la apilo litaona kuti umboni wa apolisi ndi wa akatswiri a sayansi unali wosadalirika. Anthu ena 4 amene anamangidwa pa mlandu wa mabomba a ku Guildford anamasulidwa mu 1989 pa zifukwa zofanana.

Tikamva zimenezi tiyenera kuvomereza chinthu chimodzi. Pamene gulu lonse la anthu likudandaula kuti khoti silikuwaona bwino, si nzeru kuyankha kuti akungolira chifukwa aluza mlandu. Nthawi zina wodandaula amakhala ataona chimene wokhala pabwino sangathe kuchiona.

Pamene chikaiko chinasanduka mfuti

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina yoopsa. Gulu lankhondo la IRA linkanena kuti khoti lililonse la boma la Britain ndi mdani, ndipo Mkatolika wovomera kukhala woweruza ndi wogulitsa anzake. Mu September 1974 anapha woweruza wachikatolika, a Rory Conaghan, pakhomo pawo. Mu January 1983 anapha a William Doyle, woweruza wachikatolika, akutuluka ku Misa pa tchalitchi cha St Brigid ku Belfast. Mu April 1984 anawombera a Tom Travers, majisitireti wachikatolika, akuchokera ku Misa pa tchalitchi chomwecho. Iwo anapulumuka ali ndi mabala aakulu, koma mwana wawo wamkazi Mary, mphunzitsi wa zaka 22, anaphedwa pomwepo. Oweruza achipulotesitanti nawonso anaphedwa, monga Lord Justice Gibson amene anafa ndi bomba pamodzi ndi akazi awo mu 1987.

Taonani mmene zinazungulira. Anthu ankadandaula kuti m'makhoti mulibe oweruza achikatolika okwanira. Mkatolika akavomera udindowo, ankasakidwa ndi anthu odzitcha omenyera ufulu wa Akatolika. Chikaiko chimene chinayamba ndi zifukwa zomveka chinafika pamene sichinkafunanso kuchiritsidwa. Munthu wofika pamenepo saonanso woweruza ngati munthu wokhala ndi chikumbumtima chake. Amangoona mtundu wa chovala chimene wavala.

Apulotesitanti nawonso ali ndi madandaulo

Tisaganize kuti olira anali a mbali imodzi. Mu 1986 asilikali 4 achipulotesitanti a gulu la Ulster Defence Regiment anapezeka olakwa pa mlandu wopha Mkatolika wina ku Armagh mu 1983. Mu 1992 khoti la apilo linamasula 3 mwa iwo litapeza kuti zolemba za apolisi pa nthawi yowafunsa mafunso zinasinthidwa. Vuto limene linagwera amuna a ku Birmingham linagweranso iwo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'zaka zaposachedwa, mau akuti lamulo likukondera amveka kwambiri m'madera a Apulotesitanti osauka. Mu June 2020, pa nthawi ya malamulo oletsa misonkhano chifukwa cha Covid-19, khamu lalikulu linasonkhana pa maliro a Bobby Storey, mkulu wina wa chipani cha Sinn Féin, pamodzi ndi atsogoleri a chipanicho. Mu March 2021 ofesi yozenga milandu inalengeza kuti sizenga mlandu aliyense mwa andale 24 amene anafufuzidwa. Inati malamulowo anali osokonekera chifukwa chosinthasintha, ndiponso apolisi anali atakambirana kale ndi okonza malirowo. Mabanja ambiri amene anaika abale awo ndi anthu owerengeka okha anamva kuwawa. Mwezi wotsatira achinyamata a m'madera a Apulotesitanti anachita zipolowe, ndipo nkhaniyi inali chimodzi mwa zifukwa zake.

Mu October 2025 khoti la ku Belfast, lopanda jury, linamasula msilikali mmodzi yekha amene anazengedwapo mlandu wa kuphedwa kwa anthu ku Derry mu 1972. Woweruza anadzudzula zimene asilikali anachita tsiku limenelo, koma anati umboni wokhudza munthu ameneyu sunafike pa muyeso umene lamulo limafuna. Mabanja a ophedwa anati chilungamo chawalephera. Atsogoleri ambiri a Apulotesitanti anati mlanduwo sunayenera kuyambidwa n'komwe. Khoti limodzi, chigamulo chimodzi, koma mbali zonse ziwiri zinachoka zikudandaula.

Kodi maganizo a anthu ndi umboni?

Apa ndi pamene pagona funso lathu. Kukhulupirira kuti woweruza wakondera si umboni woti wakonderadi. Ife aphunzitsi timazidziwa bwino. Mwana akalephera mayeso, kawirikawiri amathamangira kunena kuti aphunzitsi amamuda. Nthawi zambiri si zoona. Koma mphunzitsi wanzeru akamva kuti ana onse ochokera kumudzi wina akunena zomwezo chaka ndi chaka, sakwiya. Amatenga mapepala n'kupempha mnzake awachongenso. Ngati kalasi lasiya kukhulupirira cholembera chofiira cha mphunzitsi, ngakhale malikisi oona sathandizanso kanthu.

Khoti nalonso ndi chimodzimodzi. Lilibe maso akeake m'mudzi. Limadalira mai amene anaona wakuba kuti abwere kudzachitira umboni, ndi bambo amene wapheredwa mwana kuti apite ku polisi m'malo motenga nkhwangwa. Anthu akasiya kulikhulupirira, mboni zimakhala chete ndipo ena amadziika okha kukhala oweruza. Ku Northern Ireland magulu ankhondo a mbali zonse ziwiri ankagamula milandu m'madera awo, ndipo chilango chodziwika chinali kuwombera achinyamata m'mawondo.

N'chifukwa chake malamulo a ku England, amene makhoti athu anatengerako njira zake, amaika mtima pa maonekedwe a chilungamo. Mu 1923 munthu wina dzina lake McCarthy anapezeka wolakwa pa mlandu wa ngozi ya njinga yamoto ku Sussex. Kalaliki wa khotilo anali wa kampani ya maloya imene inkaimira mbali inayo pa mlandu wofuna chipukutamisozi, ndipo analowa m'chipinda pamene oweruza ankakambirana. Oweruzawo analumbira kuti kalalikiyo sananene kanthu, ndipo khoti lalikulu linawakhulupirira. Komabe Lord Hewart anafafaniza chigamulocho, ponena kuti sikokwanira kuchita chilungamo ngati anthu sangathe kuona poyera kuti chachitika.

Ife tomwe m'Zambia tinalawako kuwawa kwa chikaiko chotere, ngakhale kuti chinali cha khungu osati cha mpingo. Mu 1969 woweruza wachizungu atamasula asilikali 2 achipwitikizi amene analowa m'dziko lino kuchokera ku Angola, achinyamata anathyola n'kulowa m'khoti lalikulu ku Lusaka. Woweruza wamkulu wa nthawiyo, a James Skinner, amene anabadwira ku Ireland ndipo anali atamenyera nawo ufulu wa dziko lino, anatula pansi udindo chaka chomwecho.

Zimene anasintha

Pambuyo pa pangano la 1998, anthu a ku Northern Ireland sanangouzana kuti tiyeni tikhulupirirane. Anasintha zinthu zooneka ndi maso. Mu 2001 anakhazikitsa polisi yatsopano, ndipo kwa zaka 10 theka la apolisi olembedwa kumene linkayenera kukhala la Akatolika, mpaka chiwerengero chawo chinafika pafupifupi 30 mwa 100 alionse. Apulotesitanti ena amene anakhoza mayeso koma osalembedwa anadandaula, ndipo dandaulo lawo silinali lopanda pake. Lamulo la mu 2002 linachotsa dzina la mfumukazi ya Britain m'lumbiro la oweruza, ndi chizindikiro cha ufumu m'zipinda zambiri zoweruziramo milandu. Mu 2005 anakhazikitsa bungwe loima palokha losankha oweruza, ndi ofesi yatsopano yozenga milandu yosiyana ndi polisi. Mu 2007 chipani cha Sinn Féin chinavomereza kuthandiza polisi ndi makhoti, ndipo chaka chomwecho makhoti a Diplock anathetsedwa, ngakhale kuti milandu yowerengeka imatha kuzengedwabe popanda jury. Mu 2021 mai Siobhan Keegan anakhala mzimai woyamba kutsogolera oweruza onse a dzikolo.

Zonsezi ndi udindo wa boma, ndipo zathandiza. Koma monga taonera, madandaulo sanathe. Boma likhoza kusintha lumbiro ndi zizindikiro za pakhoma, koma silingalowe mumtima mwa munthu kukakonza sikelo imene amayezera milandu.

Sikelo imodzi

Udindo wachiwiri ndi wathu, anthu wamba. Chinthu chomvetsa chisoni kwambiri m'mbiri yonseyi n'chakuti anthu ambiri ankaona kupanda chilungamo pokhapokha kukagwera a mbali yawo. Amene ankalirira amuna a ku Birmingham sanali onse amene analirira Mary Travers. Amene anamenyera asilikali a ku Armagh sanali onse amene anafuna kumva kulira kwa amai a ku Derry. Alipo amene analira ndi mbali zonse ziwiri, ansembe, abusa ndi azimai wamba, koma anali ochepa ndipo ankanyozedwa ndi anthu akwawo.

Mau a Mulungu amatichenjeza za zimenezi. Pa Levitiko 19:15 woweruza akuletsedwa kukondera munthu wamkulu, koma akuletsedwanso kukondera wosauka. Ngakhale chifundo sichiloledwa kupendeketsa sikelo. Pa Eksodo 23:2 tikuletsedwa kutsata khamu popereka umboni. Mlandu wa Naboti pa 1 Mafumu 21 unazengedwa ndi akulu a mumzinda wake womwe, anthu a chipembedzo chake, atalengeza kusala kudya. Choncho kukhala ndi woweruza wa mpingo wako sikutsimikiza chilungamo. Ndipo pa Yohane 7, Nikodemo atafunsa ngati chilamulo chimatsutsa munthu asanamvedwe, anzake sanayankhe funsolo. Anangomufunsa ngati iyenso ndi wa ku Galileya. Ndi mmene chikaiko chodwala chimachitira: chimasiya mfundo n'kuyamba kufufuza kumene munthu amachokera. Katekisma wathu wa Heidelberg, pofotokoza lamulo la 9 pa funso 112, amatiphunzitsa kuti kutsutsa munthu mopupuluma tisanamve mbali yake ndi umboni wonama. Lamulo limeneli limateteza woimbidwa mlandu, ndipo limatetezanso woweruza ku malilime athu.

Tsono tingadziwe bwanji ngati chikaiko chathu ndi choyenera? Tidzifunse mafunso atatu. Choyamba, kodi ndamva zifukwa zimene woweruza wapereka, kapena ndangomva dzina lake ndi mpingo wake? Chachiwiri, chigamulo chomwechi chikanagwera mwana wa mpingo wina pa umboni womwewu, kodi ndikanadandaula? Chachitatu, kodi pali chinthu chimene chingandichititse kuvomereza kuti khoti lagamula bwino ngakhale wanga waluza? Ngati palibe, ndiye kuti chimene ndikufuna ndi kupambana basi, ndipo ndangochiveka dzina la chilungamo.

Mafunso amenewa sakutiuza kukhala chete. Mabanja a ku Derry sanakhale chete, ndipo anachita bwino. Anatsata mlandu wawo kwa zaka 38 ndi umboni, ndi maloya, ndi kupirira. Woweruza ndi munthu, akhoza kulakwa ndipo akhoza kukondera. Zikatero pali apilo, pali nyuzipepala, pali mau a mpingo. Koma wodzudzula abwere ndi umboni wa zimene woweruzayo wachita. Kumene amapemphera Lamulungu si umboni.

Amai anzanga, ana amaphunzira kuweruza milandu pa mkeka wa kunyumba asanaone chitseko cha khoti. Amamva zimene timanena mnzathu wa mpingo wina akapeza ntchito imene mwana wathu ankaifuna, kapena bwalo la akulu a mpingo likapereka chilango kwa m'bale wathu. Tikazolowera kunena kuti "amenewo amakonderana" tisanafunse kanthu, ana athu adzakula ndi mau omwewo, ndipo tsiku lina ena mwa iwo adzakhala apolisi, mboni ndi oweruza. Ku Northern Ireland ana a mipingo iwiriyi ambiri amaphunzirabe m'masukulu osiyana, ndipo m'madera ena a ku Belfast mukadali makoma aatali olekanitsa mabanja achikatolika ndi achipulotesitanti. Ife tili ndi mwai woti timatunga madzi pa mjigo umodzi, timalira maliro pamodzi, ndipo ana athu amakwatirana. Mwai umenewu tisauyese wosatha. Tiusamalire ndi malilime athu, ndipo mwana wa mnzathu wa Katolika akaponderezedwa pa mlandu, ife a Chigwirizano tikhale oyamba kupita kukakhala naye pa benchi la khoti.

Tiwakumbukire m'mapemphero abale athu a ku Northern Ireland, a mipingo yonse iwiri, pamodzi ndi oweruza a dziko lathu. Ambuye akudalitseni nonse.